Nthaka Ikagwedezeka, Nyumba Imatani?

(NYIMBO YOYAMBIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

 Amayi ndi abambo a ku Chadiza, sendererani pafupi ndi wailesi. Amene muli ndi uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo ndalama za soya kapena chimanga mwasunga kuti mugule malata, nkhani ya lero ndi yanu. Amisiri omanga nyumba, tsamiritsani kaye zida zanu, chifukwa ndilankhula nanu kwambiri.

Tikamba za chivomezi. Ndikudziwa kuti ena mwati kale, "Zimenezo n'za ku Japan, kuno kwathu ayi." Tiyambe ndi pomwepo.

Pa 10 Malichi 1989 chivomezi champhamvu yopitirira pang'ono 6 chinachitika chakufupi ndi Salima ku Malawi. Anthu 9 anamwalira, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Nyumba zinawonongeka ku Salima, ku Dedza mpaka ku Mchinji, ndipo kugwedezekako kunamveka ku Tete ndi kuno ku Zambia. Mchinji mukuidziwa, enanu muli ndi azakhali kumeneko. Kuchoka pa Chadiza kulunjika ku Salima, mtunda wake sukwana makilomita 250. Mu Disembala 2009 nthaka ya ku Karonga inagwedezeka mobwerezabwereza kwa masabata awiri, ndipo chivomezi chachikulu, cha mphamvu 6.0, chinafika usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Anthu 4 anataya miyoyo, nyumba zambirimbiri zinagwa. Mu Febuluwale 2006 ku Machaze ku Mozambique kunachitika cha mphamvu 7.0. Kwathu konkuno, mu Febuluwale 2017, cha mphamvu 5.9 chinagwedeza dera la Kaputa kumpoto.

Sizinangochitika mwangozi. Dziko la Africa likung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pachaka, ndipo mng'alu wake ndi umene muli nyanja ya Tanganyika ndi nyanja ya Malawi. Chigwa cha Luangwa nachonso ndi mng'alu wakalekale. Ife a Chadiza tili pakati, nyanja ya Malawi kum'mawa, Luangwa chakumpoto kumadzulo. Pansi pa nthaka matanthwe amakokana kwa zaka mazana, kenaka tsiku lina amatsetsereka mwadzidzidzi, ndipo mafunde ake amayenda m'nthaka. Oyamba kufika ndi othamanga, pafupifupi makilomita 6 pa sekondi, ndipo ndi aja anthu amati anamva ngati lole ikubwera. Otsatira amayenda pang'onopang'ono koma ndiwo amakankha nthaka uku ndi uku. Ogwetsa nyumba ndi amenewa. Komanso manambala aja asakupusitseni. Chivomezi cha 6 chimatulutsa mphamvu yoposa cha 5 pafupifupi ka 32, ndipo cha 7 chimaposa cha 5 ka 1,000.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tifike pa nyumba yeniyeniyo.

Munaimirirapo m'ngolo, ng'ombe n'kudzidzimuka ndi kukoka mwadzidzidzi? Mapazi amapita ndi ngolo, thupi limatsalira, ndipo mumagwa chagada. Palibe wakukankhani. Thupi lanu lomwe, ndi kulemera kwake, ndilo lakana kusuntha. Nyumba imachita chimodzimodzi. Maziko ali m'nthaka, ndiye nthaka ikathawira kum'mawa maziko amapita nayo. Makoma ndi denga zimatsalira. Zisanafike n'komwe, nthaka yabwerera kale kumadzulo. Izi zimachitika kangapo pa sekondi imodzi.

Isaac Newton analemba lamulo lake zaka zoposa 300 zapitazo, ndipo n'losavuta: mphamvu yokankha chinthu imalingana ndi kulemera kwake kuchulukitsa ndi changu chimene chikusinthira liwiro. Tiyerekeze ndi nyumba ya njerwa zootcha 10,000, njerwa iliyonse makilogalamu 3. Ndi matani 30 amenewo, osawerengera matope. Nthaka ikagwedeza ndi changu chongokwana gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene imatikokera pansi, nyumbayo imakankhidwa cham'mbali ndi mphamvu ya matani 3. Ganizirani matumba 60 a chimanga a makilogalamu 50, onse akutsamira makoma anu, mbali ino, kenaka mbali inayo, mosapumira.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Tikamamanga, maganizo athu amakhala pa katundu wotsikira pansi: njerwa isenze njerwa inzake, khoma lisenze denga, maziko asenze khoma. Pa ntchito imeneyo njerwa ndi ngwazi, mungaikhalire ndi ng'ombe yomwe osaphwanyika. Chivomezi chimabwera cham'mbali, kumene palibe anaganizirako.

Muno mu situdiyo ndabwera ndi thabwa ndi tinjerwa tating'ono. Ndasanja kakhoma kamodzi kokha, koima pakokha. Ndikakoka thabwa motsata utali wa khoma, tamverani.

(PHOKOSO LA THABWA LIKUKHULA PA TEBULO)

Sikanagwe. Tsopano ndikoka thabwa lomweli mopingasa, ngati ndikukankha khomalo pamimba.

(PHOKOSO LA NJERWA ZIKUGWA)

Mwamva nokha, ndipo sindinakoke mwamphamvu. Khoma ndi lolimba m'litali mwake, ndi lofooka kwambiri pamimba. Nyumba ili ndi makoma oyang'ana mbali ziwiri, choncho kulikonse kumene chivomezi chingachokere, makoma ena amakhala olimba pamene ena akufuna kugwa. Ofookawo amapulumuka ngati agwirana ndi olimbawo, pa ngodya ndi pamwamba. Akapanda kugwirana, khoma lililonse limavina gule wakewake, ngodya zimatseguka, limodzi limagwera kunja ndipo denga limatsikira pa anthu.

Ndinaima tsiku lina pa nyumba imene inali kumangidwa m'mudzi wina kuno. Mmisiri wake anali waluso ndithu, mizere ya njerwa yowongoka ngati yojambula. Koma khoma lodula chipinda anangoligunditsa ku khoma lakunja, osalowetsa njerwa ngakhale imodzi. Nditasuzumira pamalumikizidwepo ndinaona kuwala kwa dzuwa kuchokera mbali inayo. Anandiyankha kuti, "Pulasitala adzatseka, bambo." Zoona adzatseka, maso sadzaona kanthu. Koma pulasitala sagwira khoma. Kumtunda, gebulo, kakhoma kosongoka kaja kamene kamatseka mbali ya denga, kanali ka njerwa imodzi yopyapyala, komangidwa ndi matope, kopanda chokagwira. Pansi pake penipeni ndi pamene mwini nyumba anandionetsa kuti padzakhala bedi la ana. Ndinabwerako mtima uli m'mwamba, ndipo pulogalamu ino inabadwa tsiku limenelo. M'zivomezi zambiri, ku Karonga komwe, magebulo ndiwo amayamba kugwa, chifukwa kugwedezeka kumakula pamene mukukwera ndipo iwo ali pamwamba pa zonse.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Pali chinthu china chimene akatswiri a zomangamanga amachiopa kuposa kulemera. Nyumba iliyonse ili ndi kayendedwe kake. Zikani nsungwi yaitali pansi, muikoke kunsonga n'kuisiya: imapita uku ndi uku mwaulesi. Zikani kamtengo kakafupi, kamanjenjemera msangamsanga. Nthawi imene chinthu chimatenga kupita ndi kubwerera kamodzi ndiyo imene akatswiri amayamba kuwerengera. Pa nyumba, mwachidule amati chigawo chimodzi mwa khumi cha sekondi pa nsanjika iliyonse. Nyumba yathu yapansi imapita ndi kubwerera pafupifupi kakhumi pa sekondi. Findeco House ya ku Lusaka, ya nsanjika 23, ingatenge masekondi awiri kapena kuposerapo.

Nanga zili ndi ntchito yanji? Akulu anati katungwe n'kukankhana. Mwana ali pa katungwe simumukankha ndi mphamvu zambiri. Mumangomukhudza pa nthawi yake, akafika kwa inu, ndipo ulendo uliwonse amakwera kuposa woyamba. Mukamukankha pa nthawi yolakwika katungwe amaima. Nthaka ikamagwedezeka pa kayendedwe kofanana ndi ka nyumba, imakhala ikukankha katungwe, ndipo kugwedezeka kwa nyumba kumaposa kwa nthaka kangapo.

Dziko linaphunzira zimenezi ndi misozi ku Mexico City pa 19 Sepitembala 1985. Chivomezi cha mphamvu 8.0 chinayambira kunyanja, makilomita oposa 300 kuchokera mumzindawo. Koma pakati pa mzinda panamangidwa pa matope a nyanja youma, ndipo matopewo anayamba kupita ndi kubwerera pa masekondi awiri aliwonse. Zimene zinagwa kwambiri ndi nyumba za nsanjika zapakatikati, kuyambira 6 mpaka 15. Zina zakale zazifupi zoyandikana nazo zinatsala chiimire, zina zazitali kwambiri zinatsalanso. Anthu zikwizikwi anafa.

Kwa ife phunziro lake lili pawiri. Chivomezi chapakatikati chochitikira pafupi, monga cha ku Salima chija, chimagwedeza nthaka msangamsanga, ndipo kayendedwe kameneko n'kogwirizana ndi nyumba zazifupi zouma gwa ngati zathuzi. Kufupika kwa nyumba si chitetezo. Chachiwiri ndi nthaka. Ikani mwala ndi mbale ya phala pa tebulo limodzi, mugwedeze tebulo, muone chimene chivinitsitse. Dambo ndi phala. Ku Karonga, m'malo a mchenga wonyowa kufupi ndi nyanja, nthaka inang'ambika ndipo madzi osakanikirana ndi mchenga anatumphuka. Puloti ya m'mbali mwa dambo imatsika mtengo, madzi ali pafupi, dothi loumbira njerwa lili pomwepo. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaikonda. Komabe mukakhala ndi mwayi wosankha, kwerani kumtunda kumene khasu limalira likagunda pansi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Gwetsani mbiya ndi dengu kuchokera pamutu. Mbiya ndi yolimba kuposa dengu, koma ndiyo imasweka. Dengu limapindika, limalira, n'kubwerera. Akatswiri akamakonza nyumba ya kudera la zivomezi salimbana ndi kuti isang'ambike ngakhale pang'ono, chifukwa nyumba yotero palibe angaikwanitse. Amafuna kuti ikang'ambika ipindike osamasuka, iwononge mphamvu ya chivomezi m'kupindikako, anthu atuluke amoyo.

Makolo athu ankamanga madengu. Taonani nyumba ya mitengo yomata: nsichi zozikika pansi, mbalo zomangidwa ndi luzi kuzungulira nyumba yonse, phaso lomangidwa ku nsichi, denga la udzu lopepuka. Taonani nkhokwe ya nsungwi. Chilichonse chagwirana ndi chinzake. Nyumba yotero ikagwedezeka dothi limayoyoka, koma mafupa ake amatsala. Sindikunena kuti tibwerere ku zimenezo. Chiswe chimadya nsichi, udzu umapsa, ndipo palibe cholakwika kuti munthu amene walima ndi thukuta lake agone m'nyumba ya njerwa ndi malata. Chimene chimandiwawa n'chakuti posamuka tinanyamula zonse koma luzi tinalisiya. Tinachoka m'dengu n'kulowa m'mbiya.

Luzi la nyumba ya njerwa ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo zinayi, amene amisiri amati ring'i bimu. Amayenda pamwamba pa makoma onse, akunja ndi am'kati, osaduka paliponse, ndipo pa ngodya zitsulo zake zimapindidwa kuti zilowerane. Ambirife timangoika kalintala kakafupi pamwamba pa chitseko ndi pa windo lililonse. Kameneko kamasenza njerwa za pamwamba pake, basi. Lamba wozungulira ndiye amasandutsa makoma anayi kukhala bokosi limodzi, moti khoma lofooka likafuna kugwa, mnzake wolimba amaligwira pa phewa. Ndalama zikavuta, ngakhale lamba wa matabwa olimba, okhomedwa bwino pa ngodya ndi otetezedwa ku chiswe, amathandiza kuposa kusiya pabwalo.

Amisiri anzanga, zotsalazi mukuzidziwa, kungoti eni nyumba amakupanikizani pa mtengo. Njerwa za pa ngodya zilowerane mzere uliwonse. Waya wa bulikifosi agone m'matope pakatha mizere itatu kapena inayi, ndipo apinde pa ngodya. Khoma lakunja likhale la nayini inchi, lopyapyala lija lisasenze denga. Mukamangira simenti, muyezo umodzi wa simenti ku miyezo 6 ya mchenga, ndipo njerwa muzinyowetse kaye, chifukwa njerwa youma imamwa madzi a m'matope simenti isanagwire. Konkire ithiridwe madzi kwa sabata yathunthu. Chitseko kapena windo lisayandikire ngodya kuposa masentimita 60, ndipo mazenera onse a khoma limodzi asapitirire theka la utali wake. Ming'alu ya chivomezi imayambira pa ngodya za mawindo n'kuyenda chopingasa, mpaka kukumana ngati chizindikiro cha kuchulukitsa pa masamu. Gebulo likhale la matabwa kapena malata, apo ayi mangani denga lotsetsereka mbali zonse zinayi lopanda gebulo.

Ndipo chonde, miyala ija ndi njerwa zija timasanja pamwamba pa malata kuti mphepo isasasule. Tsiku la chivomezi zimatsika, ndipo zimatsikira pakhomo pomwe ana akutulukira. Mangani phaso ku lamba ndi waya wokhuthala, miyalayo itsike lero.

Chivomezi cha Karonga chitapita, boma la Malawi linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zotetezeka, ndipo pambuyo pake akatswiri a University of Bristol pamodzi ndi a Polytechnic ku Blantyre anayesa makoma a njerwa zakomweko powakankha mpaka kusweka. Njerwa zawo ndi matope awo sizisiyana kwenikweni ndi zathu, choncho zimene anapeza zikutikhudza: pofooka pa khoma ndi pamene njerwa yakumana ndi matope.

Wina afunsa ngati zonsezi zimapulumutsadi anthu. Mu Januwale 2010 chivomezi cha 7.0 chinapha anthu oposa 100,000 ku Haiti. Mwezi wotsatira, cha 8.8 chinagwedeza Chile, champhamvu kuposa cha ku Haiti kokwana ka 500, ndipo omwalira anali mazana asanu ndi kanthu. Zifukwa zilipo zingapo, koma chachikulu n'chakuti ku Chile malamulo omangira amatsatidwa, ndipo nyumba zambiri za njerwa zimamangidwa mozunguliridwa ndi mizati ndi malamba a konkire. Ku Morocco mu Sepitembala 2023, cha 6.8 chinapha anthu pafupifupi 3,000, ambiri m'midzi ya kumapiri ya nyumba zadothi ndi miyala. Maiko olemera ali ndi njira zina, monga kukhazika nyumba yonse pa mphira kuti nthaka iyende nyumba itatsala phee, kapena chimpira chachitsulo cha matani 660 cholendewera mkati mwa nsanja yaitali ya Taipei 101 chimene chimachepetsa kupendama kwa nsanjayo. Zimenezo n'zosangalatsa kumva, koma ifeyo zathu ndi waya, zitsulo zinayi ndi matumba ochepa a simenti.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ndisanatseke ndilankhule ndi magulu awiri.

Oyamba ndinu a magolosale. Sitolo yathu imakhala ndi makoma atatu athunthu, kumaso n'kungotsegula chitseko chachikulu ndi windo. Kumbuyo n'kolimba, kumaso n'kofewa, ndiye ikagwedezeka imapotokola ngati munthu amene mwendo umodzi wamira m'matope. Choopsa chimakula mukaonjeza nsanjika pamwamba, monga zikuchitikira m'matauni athu: pansi mashopu otseguka oimira pa timizati, pamwamba zipinda za makoma olemera. Nyumba zotere zinagwa zambiri ku Turkey mu Febuluwale 2023, nsanjika yapansi kungophwanyika yonse n'kukhala pansi. Nyumba ya nsanjika isamangidwe popanda injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo kontilakita akhale wodziwika ku National Council for Construction.

Achiwiri ndinu a makomiti a chitukuko m'mawodi. Kuyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, makalasi ndi zipatala zazing'ono zikumangidwa zambiri. Kalasi ili ndi makoma aatali, mawindo akuluakulu ondondozana, ndi ana ochuluka pansi pa denga limodzi. Tsiku lothira konkire ya lamba, pitani mukaone ndi maso anu. Werengani zitsulo. Onani ngati zapindidwa pa ngodya. Konkire ikauma palibenso angadziwe chimene chili mkati, ndipo simufunika digiri kuti muwerenge mpaka folo.

Nanga nthaka ikayamba kugwedezeka muli m'nyumba? Ngati khomo lili pafupi ndipo mungathe kuyenda, tulukani mukaime pabwalo patali ndi makoma, osati pakhonde. Ngati simungathe, gwadani, lowani pansi pa tebulo kapena bedi lolimba, phimbani mutu. Aphunzitsi, ana alowe pansi pa madesiki, asathamangire chitseko chimodzi onse. Kukadekha musafulumire kubwerera m'nyumba yong'ambika. Ku Karonga chivomezi chachikulu chinafika patatha masabata awiri chiyambireni choyamba, n'kupeza makoma atafooka kale. Zoonongeka mukanene kwa a mfumu ndi ku ofesi ya DC, kumene a DMMU, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amagwirira ntchito.

Mawa kukacha, zungulirani nyumba yanu. Imani pa ngodya iliyonse, muone ngati pali mng'alu wotsika kuchokera kudenga. Lowani m'chipinda cha ana, muyang'ane kumwamba. Ngati pamwamba pa mphasa yawo pali gebulo lopanda chogwira, sunthani mphasayo mbali ina kufikira mutakambirana ndi mmisiri.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za matanki a madzi aja timakweza pa zitsulo zazitali pa sukulu ndi pa zipatala, chifukwa malita 5,000 ndi matani 5 ali m'mwamba. 

(NYIMBO YOTSEKERA)